Matenda opanda dzina: kusanza ndi kupweteka m'mimba komwe kumapita n'kubweranso

Mu Blantyre muno muli anthu omwe amadwala m'njira yovuta kuifotokoza kwa abwana kuntchito, kwa aphunzitsi, ngakhale kwa akunyumba kwawo enieni. Milungu ingapo munthu amakhala bwinobwino, nsima akudya, minibasi ya ku Limbe akukwera, ntchito akugwira. Kenako tsiku lina m'bandakucha m'mimba mumayamba kupotokola, mseru n'kubwera, ndipo kusanza kukangoyamba sikudukiza. Amasanza chakudya cha dzulo, chikatha amasanza madzi, madzi akatha kumatuluka ndulu yachikasu yowawa ija, mpaka kumangotsala kukoka kwa m'mimba kopanda chotuluka. Tsiku limodzi, awiri, mwina anayi. Kuchipatala amamubaya chala, amamuika dripu, amamupatsa mapiritsi, amachira. Pakatha mwezi kapena iwiri zija zimabweranso, nthawi yake yomweyo, kayambidwe kake komweko.

Munthu wotere ukamufunsa kuti akudwala chiyani amangoti kakasi. Wa shuga amati ndili ndi shuga, wa BP amati yakwera, anthu n'kumvetsa. Iyeyu ali ndi buku la kuchipatala lodzaza, mapepala a zoyeza, ngongole ya kufamase, koma dzina la matenda alibe. Kuntchito amayamba kumunong'ona kuti ndi ulesi kapena matsire. Kumudzi azakhali amati mwanayu anadyetsedwa. Akakhala mtsikana, chomwe aliyense akuganiza chimadziwika kale.

Chovuta choyamba n'chakuti kusanza sikuloza chiwalo chimodzi. Lamulo loti munthu asanze limachokera mu ubongo, cha kumunsi komwe umalumikizana ndi msana, ndipo malo amenewo amalandira mauthenga kuchokera mbali zambiri: kuchifu ndi m'matumbo kudzera mumtsempha wotchedwa vagus, m'magazi mukalowa poizoni kapena mankhwala ena, mkati mwa khutu, ngakhalenso ku mantha ndi fungo. Ena amasanza m'basi potsika msewu wokhotakhota wa ku Chikwawa chifu chawo chili chabwinobwino. Vuto limakhala m'khutu. Ululu wa m'mimba nawonso sunena zoona za komwe wachokera. Chifu, ndulu ndi kapamba zikavuta, zonse zimamveka malo amodzi, pansi pa nthiti pomwe timangoti pamtima. Wodwala akaloza pamenepo, dokotala amakhala atachepetsako mndandanda pang'ono chabe.

Chachiwiri ndi momwe chithandizo chimayendera mumzinda uno. Blantyre ilibe chipatala chachikulu cha boma lake ngati momwe Chiradzulu, Thyolo kapena Mulanje zilili nacho. Pali zipatala zazing'ono za m'madera, monga cha Ndirande, Zingwangwa, Limbe, Bangwe, Chilomoni ndi South Lunzu, ndiye pamwamba pake pali Queen Elizabeth, ku Gulupu, komwe kumalandiranso odwala otumizidwa kuchokera m'maboma ambiri akummwera. M'mbali mwake muli Mlambe ku Lunzu, zipatala zolipira, ndi timakiliniki tambirimbiri ta m'makwalala. Dokotala wa pachipatala chaching'ono amakhala ndi mzere wa anthu pakhonde ndi mphindi zochepa pa munthu aliyense. Funso lomwe ali nalo m'mutu ndi lakuti, kodi munthuyu ali ndi chomwe chingamuphe lero kapena mawa? Ndi funso loyenera ndipo lapulumutsa ambiri. Koma matenda obwerezabwereza amadziwika ndi mbiri ya miyezi, pomwe ulendo uliwonse wa kuchipatala umaona tsiku limodzi lokha. Ndiye poti ulendo uliwonse uyenera kutha ndi dzina lolemba m'buku, mayina atatu ndi omwe amasinthana: malungo, taifodi, zilonda za m'mimba.

Malungo amasanzitsadi, ndipo kuyeza malungo munthu akabwera akusanza si kulakwa. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti kachipangizo koyezera magazi a pachala kaja kakhoza kupitiriza kuonetsa mizere iwiri kwa milungu ingapo munthu atamwa kale LA n'kuchira, chifukwa kamagwira zotsalira za tizilombo, osati tamoyo tokha. Munthu wodwala china akhoza kupezeka ndi malungo a mwezi watha, n'kumwanso LA, ndipo poti kusanza kwake kumaleka kokha pakatha masiku atatu, onse amakhulupirira kuti LA ndiye wamuchiza.

Taifodi ndi nkhani yomwe Blantyre imaidziwa bwino. Kuyambira 1998 mpaka 2010 ku Gulupu ankapeza anthu pafupifupi 14 pachaka okhala ndi tizilombo ta taifodi m'magazi. Kuyambira 2011 chiwerengero chinalumpha mpaka kuposa 700 mu 2014, ndipo unali mtundu wosamva mankhwala akale. N'chifukwa chake katemera watsopano wa taifodi anayesedwa pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa mu 2018, asanaperekedwe m'dziko lonse mu 2023. Dokotala akaganizira taifodi ali ndi chifukwa chomveka. Koma taifodi yeniyeni imabwera ndi kutentha thupi kwa masiku ambiri otsatizana, ndipo imatsimikizika potenga magazi n'kuwasunga mu labu kuti tizilomboto timere. Kuyeza kwa Widal, komwe makiliniki ena amakonda chifukwa n'kotchipa komanso kwachangu, kumati ilipo ngakhale mwa munthu yemwe anadwalapo kale kapena yemwe ali ndi malungo. Taifodi yobwera masiku awiri mwezi ndi mwezi thupi lisakutentha ine ndimaikayikira, ndipo munthu amene wamwetsedwa cipro mobwerezabwereza chifukwa cha Widal ali ndi chifukwa chofunsira mafunso.

Dzina lachitatu ndi lomwe limamatirira kwambiri. Munthu akangouzidwa kamodzi kuti ndi zilonda za m'mimba, basi, amakhala wa zilonda mpaka kalekale. Amasiya tsabola, nyemba, mandimu ndi zakumwa za gasi, amayenda ndi omeprazole m'chikwama, koma palibe yemwe anasuzumirapo m'chifu mwake kuti aone ngati chilondacho chilimodi. Kale madokotala padziko lonse ankakhulupirira kuti zilonda zimayamba ndi nkhawa ndi zakudya zowawa. Mu 1982 madokotala awiri a ku Perth m'dziko la Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anapeza kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori m'chifu cha odwala. Anzawo anakana kuti chamoyo chingakhale mu asidi wa m'chifu, mpaka mu 1984 Marshall anamwa dala tizilomboto n'kudwala. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Lero zikudziwika kuti zilonda zambiri zimayamba ndi zinthu ziwiri: kachilombo kameneka, ndi mankhwala opha ululu a gulu la aspirin, brufen, diclofenac ndi indocid. Awa ndi omwewo ali pa okala iliyonse, omwe munthu wopweteka m'mimba amatuma mwana kukagula. Akumwa kuti ululu uleke, akuwonjezera chilonda.

Kachilomboka kamachizika ndi maantibayotiki awiri pamodzi ndi mankhwala ochepetsa asidi, kwa milungu pafupifupi iwiri. Koma pali misampha iwiri. Woyamba, anthu ambiri mu Africa muno ali nako m'chifu kuyambira ali ana ndipo sikawavuta, ndiye kukapeza sikutanthauza kuti ndiko kakusanzitsa. Kuyeza kwa magazi kumangosonyeza kuti thupi linakumanapo nako, kaya dzulo kaya zaka 10 zapitazo. Wachiwiri, kuyeza kwa chimbudzi, komwe n'kodalirika kuposa kwa magazi, kumanama ngati munthu wamwa omeprazole m'milungu iwiri yapitayo kapena maantibayotiki m'milungu inayi yapitayo. Njira yoonera ndi maso ndi endoscopy, kapaipi kokhala ndi kamera kolowetsa kukhosi mpaka m'chifu, yomwe imachitika ku Gulupu ndi m'zipatala zina zolipira. Munthu amene wamaliza mankhwala a kachilomboka, kamera yaona chifu chosalala, koma akusanzabe monga kale, dzina la zilonda lija liyenera kuchotsedwa kuti kufufuza kupitirire.

Zomwe sizidikira m'mawa

Tisanapite patali, pali zizindikiro zomwe munthu sayenera kuzolowera ngakhale atasanza kangati m'mbuyomu. Masanzi a magazi kapena akuda ngati matsokwe a khofi, chimbudzi chakuda bii ngati phula, masanzi obiriwira m'mimba mutatupa mphweya ndi chimbudzi zisakutuluka, m'mimba mouma gwa moti kukhudza kokha munthu akulira, maso achikasu, kutentha thupi kwambiri, mutu woopsa ndi khosi louma, kusokonekera maganizo, kapena kutha tsiku osakodza: izi n'zonyamula munthu usiku womwewo. Mayi yemwe wadumphitsa mwezi n'kumva ululu mbali imodzi ya chinena ayezedwe mimba msanga, chifukwa mimba yokhala panja pa chiberekero ikaphulika imapha m'maola ochepa. Wa shuga yemwe akusanza, makamaka wobaya insulin, asadikire. Ndipo wamkulu yemwe akuonda, chakudya chikumuima pakhosi, poyamba nsima ndi nyama kenako phala lomwe, afunika kamera ija mosachedwa. Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo ambiri amafika ku Gulupu atatha miyezi akumwa mankhwala a zilonda.

Palinso matenda omwe ali ndi dzina koma amabisala, chifukwa amafuna kuyeza komwe sikuchitika pa ulendo wothamanga. Miyala ya mu ndulu imapweteka kudzanja lamanja pansi pa nthiti, kawirikawiri munthu akadya zamafuta ngati tchipisi kapena nyama yonona, ndipo sikani wamba amaiona. Kapamba wotupa ndi wa anthu a kachasu ndi mowa wambiri nthawi zambiri. Ululu wake umaboola mpaka kumsana. Matumbo akhoza kumatsekeka n'kutseguka okha, makamaka mwa munthu yemwe anachitidwapo opaleshoni ya m'mimba. TB si ya m'chifuwa yokha: imakhala m'matumbo, komanso ikhoza kuwononga tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, munthu n'kumasanza, kuonda, kufooka, BP yotsika, khungu ndi nkhama zikuderapo, akulakalaka mchere. Shuga wa zaka zambiri amaononga mitsempha ya chifu moti chakudya chimachedwa kutsika, munthu n'kusanza madzulo zomwe anadya m'mawa. Impso zofooka zimasanzitsa. Sickle cell imapweteketsa ana m'mimba mobwerezabwereza. Kwa amayi, ululu wotsatira msambo ukhoza kukhala wa endometriosis. Likodzo ndi njoka za m'mimba n'zosavuta kuyeza. Ndiye pali mankhwala enieniwo: metformin, mapiritsi owonjezera magazi, flagyl, mankhwala a TB, ngakhale ma ARV munthu akangoyamba kumene. Amenewa osasiya pawekha, koma kukanena komwe umalandirako.

Akayeza zonse n'kupeza zili bwino

Apa ndi pomwe ambiri amagwa mphwayi. Magazi ali bwino, sikani ili bwino, kamera yaona chifu chabwino, ndipo dokotala, mwina mofuna kulimbikitsa, amati, "Mulibe vuto, mayi, pitani mukapume." Mayiyo akudziwa kuti mwezi wamawa adzakhalanso atagwada pa beseni.

Zoyeza zimenezi zimaona kapangidwe ka ziwalo: chilonda, chotupa, mwala. Siziona kagwiridwe ka ntchito. Zili ngati minibasi yomwe imazimira pa Ginnery Corner ndi anthu odzaza, koma ikafika kwa makaniko ikulira bwinobwino; vuto lilipo, kungoti silioneka galimoto itaima. Madokotala a m'mimba ali ndi gulu lonse la matenda a mtundu umenewu, omwe amayamba chifukwa cha kusamvana pakati pa ubongo ndi matumbo, ndipo anagwirizana njira zowadziwira potengera mbiri ya wodwala. Ndondomeko yotchuka ndi ya Rome IV, yomwe inatuluka mu 2016.

Mwa matenda amenewa, omwe amafanana kwambiri ndi zomwe tafotokozazi ndi cyclic vomiting syndrome. Si atsopano: dokotala wa ku London, Samuel Gee, anawalemba mu 1882 atawaona mwa ana. Kwa nthawi yaitali ankatengedwa ngati a ana okha, koma tsopano zikudziwika kuti akuluakulu nawonso amadwala. Chizindikiro chake chachikulu ndi kufanana kwa maulendo. Mwa wamkulu, ndondomeko ija imafuna kuti kusanza kukhale koyamba mwadzidzidzi, kosapitirira mlungu umodzi, kochitika katatu kapena kuposa m'chaka chapitacho, kawiri mwa amenewo m'miyezi 6 yapitayi, ndipo pakati pake munthu asakusanza. Ulendo uliwonse umayamba ndi chenjezo: mseru, thukuta, malovu ambiri, kufooka, kunyansidwa ndi kuwala. Kenako kusanza kwenikweni, kambirimbiri pa ola limodzi, nthawi zambiri usiku kapena m'bandakucha. Kenako tulo tofa nato, njala n'kubwerera, munthu n'kukhala ngati sanadwale.

Matendawa ndi pachibale ndi mutu waching'alang'ala. Ambiri omwe ali nawo amadwalanso mutuwo, kapena mayi awo amadwala, ndipo ana ambiri akakula kusanza kumaleka mutu n'kulowa m'malo mwake. Zoyambitsa zake n'zofanananso: kusagona, kukhala ndi njala nthawi yaitali, chimfine, msambo, nkhawa, ngakhale chisangalalo chachikulu. Mwana wotere amadwala usiku woti mawa ndi mayeso kapena ulendo wa kumudzi, ndipo makolo amaganiza kuti akuzemba. N'chifukwa cha ubale umenewu kuti mankhwala ake ndi odabwitsa. Wodziwika kwambiri poteteza akuluakulu ndi amitriptyline, womwa pang'ono usiku uliwonse, mankhwala akale komanso otchipa. Poti amaperekedwanso kwa odwala nkhawa, ena akawerenga kapepala kake amakwiya kuti adokotala akundiyesa wamisala. Ayi, pamlingo wochepawo amagwira pa mitsempha yotumiza uthenga wa ululu ndi mseru. Amatenga milungu kuti ayambe kuoneka ntchito, amagonetsa, amaumitsa kukamwa, ndipo si ogula wekha. Dokotala ayenera kudziwa za mtima wako ndi mankhwala ena omwe ukumwa.

Mlamu wanga wina, telala wa pakhonde la sitolo ina mu Limbe, anandionetsa mabuku ake a kuchipatala. Anali angapo, chifukwa matenda akamugwira usiku buku silinkapezeka, ndiye ankangogula lina. Lina linali lonyowa ndi mvula, lina ana analembamo masamu kumapeto. Tinawayala pamphasa n'kuyamba kusanja masiku. M'buku lililonse munali nkhani yosiyana: umu malungo, umu zilonda, umu taifodi, zolemba za manja osiyanasiyana. Koma masikuwo atafoledwa pamzere umodzi anaonetsa chomwe palibe dokotala akanachiona ndi buku limodzi. Maulendo ambiri anagwa masiku ochepa asanayambe msambo, ndipo oopsa kwambiri anali a milungu yotsegulira sukulu, pomwe ankachezera pa makina kusoka mayunifolomu atangomwa tiyi. Nditamufunsa za mutu, anaseka: "Alamu, mutu umenewo ndi wa kwathu. Amayi ankamanga duku lonyowa n'kudzitsekera m'nyumba tsiku lonse." Palibe yemwe anamufunsapo zimenezo, ndipo iye sanaganizepo kuti mutu wa amayi ake ukukhudzana ndi m'mimba mwake.

Pali funso lina lomwe dokotala amachita nalo manyazi kufunsa, wodwala n'kuchita mantha kuyankha: chamba. Mu 2004 madokotala a ku South Australia analemba za anthu osuta chamba tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri omwe ankasanza mobwerezabwereza chimodzimodzi, ndipo chachilendo chinali chakuti ankapeza mpumulo posamba madzi otentha kwambiri, ena mpaka maola. Matendawa amatchedwa cannabinoid hyperemesis syndrome. Msampha wake ndi wakuti chamba chimachepetsadi mseru kwa kanthawi, ndiye wodwala amawonjezera kusuta poganiza kuti ndiwo mankhwala. Chochiza chodziwika n'chimodzi, kusiyiratu, ndipo pamafunika miyezi munthu asanaweruze kuti zathandiza kapena ayi. Kuno lamulo la 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, koma kusuta ndi mlandu, ndiye mnyamata wa ku Mbayani kapena Bangwe sanganene pamaso pa amayi ake omwe amuperekeza. Makolo mukaona mwana akusanza n'kumapempha madzi otentha osamba kangapo usiku umodzi, tulukani kaye panja kuti alankhule ndi dokotala ali awiri. Koma kusamba madzi otentha pakokha si umboni. Ena osasuta n'komwe amachitanso zomwezo, ndiye pasakhale kuweruza.

Za kwa asing'anga sitingazilumphe, chifukwa chipatala chikanena kuti palibe kanthu, kumeneko ndi komwe dzina limapezeka msanga. Kudyetsedwa ndi yankho lomwe limamveka: likufotokoza chifukwa chake makina sakuona, likufotokozanso chifukwa chake zimabwerera. Vuto langa pamenepa ndi lenileni, la m'thupi. Mankhwala ambiri ochotsa zodyetsedwa ndi osanzitsa kapena otsegula m'mimba, operekedwa kwa munthu yemwe madzi amuthera kale, ndipo zitsamba zina zimapweteka impso ndi chiwindi. Komanso poti kusanzaku kumaleka kokha, aliyense yemwe anagwira wodwala tsiku lomaliza amatenga ulemu, kaya ndi sing'anga, kaya ndi mneneri, kaya ndi LA. Yemwe wamwa zitsamba anene poyera kuchipatala. Mapemphero saletsa munthu kumwa madzi, koma kusala kudya masiku angapo kumayambitsa matendawa mwa ena.

Kunyumba, ulendo ukayamba, chachikulu ndi madzi. Thanzi ORS paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Ikasowa, masipuni a tiyi 6 osasefukira a shuga ndi theka la sipuni ya mchere mu lita yomweyo. Kumwa kwake ndi pang'onopang'ono, sipuni kapena kakumwa kamodzi mphindi zingapo zilizonse, chifukwa kapu yodzaza imabwerera yonse. Chipinda chamdima, chopanda phokoso ndi fungo la zokazinga, ndipo wodwala akagona asadzutsidwe kuti adye. Mankhwala oletsa kusanza monga promethazine, metoclopramide kapena ondansetron amagwira bwino akamwedwa pa chenjezo paja, kusanza kusanayambe, ndiye ndi bwino kugwirizana ndi dokotala pasadakhale kuti ndi ati oti akhale m'nyumba. Metoclopramide nthawi zina amaumitsa khosi ndi kutembenuza maso, makamaka mwa achinyamata. Zimaopsa ngati zamizimu koma ndi mankhwalawo, ndipo kuchipatala amazithetsa. Brufen ndi anzake aja ayi. Tramadol ndi pethidine amatonthoza lero, koma akazolowereka amawonjezera mseru ndi ululu womwewo. Kusanza kwa masiku kumathetsa mchere wa potaziyamu, womwe mtima umadalira, n'chifukwa chake dripu ndi kuyeza magazi zimafunika munthu akafooka kwambiri. Asidi wa masanzi amadya mano. Kuchukucha ndi madzi n'kwabwino kuposa kutsuka ndi mswachi nthawi yomweyo. Womwa ma ARV, mankhwala a TB, a khunyu kapena mapiritsi olera akumbukire kuti piritsi losanzidwa silinagwire ntchito, ndipo afunse chochita.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa matenda awa zili choncho ndithu: mbiri yonse ili ndi wodwala, osati chipatala. Buku likhale limodzi, akale asatayidwe, mapepala a sikani ndi a labu amangidwe pamodzi kapena ajambulidwe pafoni. Kope la sukulu ndi lokwanira kulembamo tsiku ndi ola lomwe zinayamba, tsiku lomwe zinatha, zomwe munadya, ngati munagona, tsiku la msambo, mankhwala omwe munamwa, ndi kulemera kwanu mwezi ndi mwezi. Kulemera n'kofunika: munthu yemwe sakuonda ndipo pakati pa maulendo ali bwinobwino, nkhani yake ndi yosiyana ndi ya yemwe lamba akumka nakhwefuka.

Mawu oyamba polowa m'chipinda cha dokotala amasintha zambiri. "Ndikusanza kuyambira usiku, adokotala" amatsegula njira ya kubaya chala ndi dripu. "Adokotala, aka si koyamba. Chaka chino zandichitika kangapo, zimayamba mofanana, zimatha masiku atatu, pakati ndimakhala bwino, masiku ake ndi awa" amatsegula njira ina. Ndipo nthawi yabwino yokamba nkhani yaitaliyi si pomwe muli pa benchi ndi beseni pamiyendo. Ndi pamene muli bwino, mutapempha kalata yokutumizani ku kiliniki ya madokotala a matenda a m'kati ku Gulupu, kapena kwa dokotala mmodzi yemwe mungamabwererekonso. Ku Gulupu n'komwenso amaphunzirira ophunzira a Kamuzu University of Health Sciences, ndipo wophunzira nthawi zambiri amakhala ndi mpata wofunsa mbiri yonse kuyambira pachiyambi, musamukane. Funsani zomwe zayezedwa kale ndi zomwe zatsala, kuti musalipire sikani yomweyo kachitatu. Pemphaninso kuti alembe patsamba limodzi la buku zomwe zimakuthandizani ulendo ukayamba, dripu yanji ndi mankhwala ati, kuti namwino wa usiku yemwe sakukudziwani asayambirenso pa malungo. Tsamba lomwelo ndi lomwe mungaonetse abwana kapena ahedi, ngakhale dzina la matenda lisanapezeke.